Kodi Mlandu Timauyeza ndi Chiyani?

Pamsika sitilola wogulitsa kutiyezera ufa mongoganizira, timafuna sikelo. Koma wakuba akagwidwa, ambiri a ife timayeza mlandu wake ndi mkwiyo wa tsikulo.

M'nthawi ya Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye), akapolo a Hatib ibn Abi Balta'a adaba ngamira ya munthu wa fuko la Muzayna, naipha. Umar adayamba walamula kuti adulidwe manja, koma adabweza lamulolo atazindikira kuti mbuye wawo ankawakhalitsa ndi njala. Mwini ngamira adati mtengo wake unali madirhamu 400, ndipo Umar adalamula Hatib kulipira 800. Nkhaniyi ili m'buku la Muwatta la Imam Malik.

Umar sadanene kuti kuba kulibe kanthu. Ngamira idafa, ndipo mwini wake adalipidwa kawiri. Chimene iye adafunsa n'chakuti, kodi kulemera kwa tchimoli kuli paphewa la yani? Dzanja lidali la kapolo, koma njala idachokera kwa mbuye. N'chifukwa chake ma ulama athu sayang'ana chobedwa chokha. Amafunsa ngati mtengo wake wafika kotala ya dinari yagolide, ngati chidali pamalo osungika, ndiponso ngati wakubayo adaba mwadala kapena mokakamizika. Pakakhala chikaiko, chilango cha hadd sichiperekedwa.

Tiyang'ane kwathu kuno. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a chaka cha 1990 adathetsa chilango cha imfa, kotero woweruza ku tribunal sangalamule kuti munthu aphedwe, ngakhale wopha mnzake. Komabe tamva kangati za mnyamata wovekedwa tayala n'kuyatsidwa moto ku Beira kapena ku Chimoio chifukwa cha foni? Palibe mboni idafunsidwa, mwiniwake sadapatsidwe mpata wolankhula.

Tikudziwa chimene chimapsetsa mtima. Timapereka wakuba kupolisi lero, mkucha tikumana naye pamsika, ndipo kudandaula kumeneko n'koona. Koma tidzifunse moona mtima: amene amazembetsa mankhwala a m'chipatala, mwana wodwala malungo n'kumwalira, ife timamulonjera mwaulemu, mwina timamupatsanso malo pamzere woyamba mumzikiti. Wakuba nkhuku ndiye timamuthamangira ndi miyala, chifukwa alibe womuyankhulira.