Kodi Mabungwe a Anchito Afunikabe?

Abale, mau akuti "right to work" tiwadziwa tonse, pakuti palibe mmodzi wa ife amene analowa nchito muno m'London osayamba wafunsidwa zitupa. Kuno mauwo anena za cilolezo ca boma cakuti munthu agwire nchito. Koma ku America mau omwewo anena zina. Kumeneko lamulo la Taft-Hartley la 1947 linalola cigawo ciri conse kuletsa pangano lokakamiza wanchito kulowa kapena kulipira bungwe la anchito, limene ambiri alicha yuniyoni, ndipo monga theka la zigawozo linakhazika lamulo lotere. Ku Britain salicha dzina limenelo, koma cinthu cace cilipo, ndipo citikhudza.

Kale m'dziko muno munali malo ambiri, monga kumadoko ndi kosindikiza nyuzi, kumene munthu wopanda khadi la bungwe sanali kulembedwa nchito. Mu 1975 a British Rail anapangana ndi mabungwe atatu kuti wanchito ali yense akhale membala. Amuna atatu, Young, James ndi Webster, anakana, nacotsedwa nchito mu 1976. Mlandu wao unakafika ku bwalo la ufulu wa anthu ku Strasbourg, ndipo mu 1981 bwalolo linaweruza kuti analakwiridwa. Boma la Mai Thatcher linagumula mwambowo pang'ono pang'ono, kufikira lamulo la 1990 linati nkosaloledwa kumana munthu nchito cifukwa ali m'bungwe, kapena cifukwa sali m'bungwe. Ine ndiyesa kuti pamenepo lamulo linaweruza bwino. Ife amene tikumbukira masiku a Kamuzu, pamene munthu wopanda khadi la cipani anali kubwezedwa pa cipata ca msika, tidziwa kuti khadi logula mwa mantha silimanga mitima pamodzi.

Komatu lamulo litamasula munthu silinamyankhire funso la mumtima. Alipo abale m'mahositelo mwathu amene anena kuti, "Malipiro ocepetsetsa aikidwa ndi boma, masiku a chuthi ali m'lamulo, bwalo la milandu ya nchito liripo. Nanga ndiperekerenji mapaundi mwezi ndi mwezi, ndalama imene ikadagula feteleza kumudzi?" Mau amenewa si opusa iai. Munthu wodyetsa nyumba ziwiri, ina kuno ina kwao, awerenga kakobiri kali konse. Ndipo oganiza tero ngambiri: mu 1979 mabungwe a dziko lino anali ndi anthu oposa 13 miliyoni, lero atsala monga theka.

Tsono tiyeni tione bwalo lomwelo limene mbaleyo akhulupirira. Mu 2013 boma linalamula kuti wofuna kusumira bwana wace ayambe walipira, pa milandu ina kufikira £1,200. Milandu inacepa koposa theka. Sikuti mabwana anatembenuka mtima caka cimeneco. Munthu wocotsedwa nchito dzulo alibe £1,200 lero. Amene anatsutsa lamulolo ndi bungwe la UNISON, ndi ndalama zosonkha mamembala ace. Linagonja m'mabwalo oyamba, koma mu July 2017 bwalo lalikulu koposa, Supreme Court, linafafaniza malipirowo, ndipo boma linayamba kubweza zimene linatolera. Khomo limenelo linatsegukira onse, wosonkha ndi wosasonkha yemwe.

Kwathu pa dima, munthu wobwera dzuwa litapendeka, khasu alibe, nakhala pansi kumwa thobwa la olima, sitimmenya, ndipo nyakwawa samlipitsa. Koma mudzi wonse umdziwa. Lamulo la 1990 licita monga nyakwawayo: lati mlekeni, musampirikitse. Silinati wacita bwino.

Pali cinenezo cina colemera koposa ca ndalama, ndipo sindicipeputsa. Ena ati mabungwe ngaeni dziko, sasamala za mlendo. Mbiri iwapatsa mboni. Mu April 1968 anchito a kumadoko a London anaguba kunka ku Parliament kukaimira Enoch Powell, amene analankhula zoipsa alendo akuda. Ndipo taonani za ku Grunwick, nyumba yotsuka zithunzi ku Willesden. Mu August 1976 Mai Jayaben Desai, wobadwira ku India, amene anakhala ku Tanzania asanadze kuno, anaturuka pa nchito pamodzi ndi anzace cifukwa ca malipiro ocepa, kukakamizidwa kugwira maola oonjezera, ndi cipongwe ca akapitao. Analowa bungwe la APEX, ndipo kampani inacotsa anthu 137. Kunena zoona, anchito ambiri a mtundu wa eni dziko anadza kudzaima nao. A positi ku Cricklewood anakana kunyamula makalata a kampaniyo. A m'migodi ya ku Yorkshire anabwera m'mabasi. Pa 11 July 1977 panasonkhana khamu la anthu monga 20,000. Woweruza Scarman atafufuza anati ocotsedwawo abwerere ndi bungwe libvomerezedwe, koma mwini kampani, George Ward, anakana. Akuluakulu a mabungwe anayamba kubwerera m'mbuyo. Mu November 1977 Mai Desai anakhala pakhomo pa likulu la TUC osadya, kudandaulira abale ace omwe, ndipo bungwe lao linawaimika cifukwa ca cimeneco. Sitalaka inatha mu July 1978, nchito osaipezanso.

Nkhani imeneyi ena aiwerenga nati, mwaona, bungwe ncabe. Ine ndiiwerenga mwina. Amai aja anatayidwa ndi atsogoleri, inde, koma cimene cinawaimika miyezi 23 pamaso pa dziko lonse ndi umodzi wao ndi wa anchito anzao. Akadaturuka mmodzi mmodzi, dzina la Grunwick sitikadalimva konse. Bungwe likagona, mankhwala ace nkulidzutsa, kapena kumanga lina. Ndi cimene anacita Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, pamene anayambitsa bungwe la ICU kumadoko a Cape Town mu 1919, masiku amene mabungwe a Azungu sanafune munthu wakuda. Ndi cimenenso anacita okolopa a pa London School of Economics, alendo ocokera ku Africa, Caribbean ndi kwina. Iwo analembedwa ndi kampani ya kontirakiti, ndipo za matenda, chuthi ndi penshoni zao zinali zocepa kusiyana ndi za anzao a pa sukulu pomwepo. Ananyanyala nchito mu 2017 ndi kabungwe kakang'ono ka United Voices of the World, ndipo sukuluyo inabvomera kuwalemba monga anchito ace enieni.

Ufulu wakuima wekha ukomera munthu amene angathe kusiya bwana woipa lero napeza wina mawa. Ambiri a ife, makamaka osamala okalamba ndi odwala, sitiri otero. Viza yathu yamangidwa pa dzina la bwana mmodzi, ndipo nchito ikatha, kawirikawiri tipatsidwa masiku 60 okha kuti tipeze wina wotiimira, apo ai tibwerere kwathu. Ena ngakhale bedi logonapo nla bwana yemweyo. Munthu wotere akadulidwa malipiro a maola amene anagwira, adzalankhula kodi? Lamulo liri papepala limteteza, koma pepala silikhala naye pampando tsiku limene aitanidwa ku ofesi.

Cimene lamulo la 1999 limpatsa nciti? Poitanidwa kukayankha mlandu pa nchito, wanchito aloledwa kupita ndi mnzace wa pa nchito kapena ndi woimira bungwe, ngakhale bwanayo sabvomereza bungwelo. Mlendo wa viza aloledwa kulowa bungwe monga mwini dziko, ndipo nkosaloledwa kumcotsa nchito cifukwa ca kulowako. Angathe kusonkha kupyolera ku banki, osadzera pa malipiro. Koma dziwani ici, abale: mabungwe ambiri sanyamula mlandu umene unayamba munthu asanalembetse. Wofika pakhomo pao ndi kalata yakumcotsa nchito ali nayo kale m'thumba, kawirikawiri angompatsa uphungu pang'ono, loya osampatsa.