Kugwedezeka kwa Chingwe Sikugwira Nsomba

Msodzi wa ku Liwonde akaponya mbedza mu Shire kumunsi kwa Kamuzu Barrage, saona zimene zikuchitika pansi pa madzi. Amangomvera chingwe m'zala. Chikagwedezeka, mwina ndi mlamba, mwina ndi namasupuni wokokoloka. Msodzi wanzeru sayamba wauza mkazi wake kuti atereke nkhali asanavuule. Funso langa lagona pamenepa: kodi munthu ayenera kukhala ndi umboni wotani asananene kuti chosaoneka chachita chakuti?

Akatswiri a zakuthambo akhala ndi funsoli kwa zaka zoposa 90. M'chaka cha 1933 Fritz Zwicky adaona kuti milalang'amba ya m'gulu la Coma ikuthamanga kwambiri, moti ikadabalalika pakadapanda chinthu china choikoka. M'zaka za m'ma 1970 Vera Rubin adapezanso zofanana pa kayendedwe ka nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba. Chinthucho adachitcha dark matter. Sichiwala, sichigwirika, koma akuti mwa magawo 100 a zinthu zonse zolemera m'chilengedwe, pafupifupi 85 ndi chimenechi.

Nanga angachigwire bwanji? Ngati tizidutswa take n'topepuka zedi, sitingakankhe chinthu n'kuoneka. Ndiye akatswiriwa adaganiza ngati msodzi uja. Amatenga mwala woyengedwa bwino, n'kuuziziritsa kufika pafupi ndi madigiri 273 pansi pa ziro, kuti ukhale chete. Kenako amautsekera pansi pa nthaka, monga ku SNOLAB m'dziko la Canada, makilomita 2 kupita pansi, kapena kunsi kwa phiri la Gran Sasso ku Italy. Kachidutswa kakagunda mwalawo, mwala umanjenjemera pang'ono, ndipo makina amamva.

Chondigwira mtima ndi khalidwe lawo chingwe chikagwedezeka. Ku Gran Sasso, gulu la CRESST lidamva kunjenjemera kochuluka kosadziwika gwero lake. Silidaimbe mfuu. Lidayamba kukayikira zipangizo zake zomwe, ndipo lidaona kuti kunjenjemerako kumachepa masiku akamapita, zimene chinthu chochokera kuthambo sichingachite. Gulu lina la komweko, la DAMA, lidanena kuti lapeza chizindikiro, koma anzawo ku Korea ndi ku Spain atayesa ndi mwala wa mtundu womwewo sadachipeze. Mlandu udakali wosagamulidwa chifukwa mboni imodzi siikwana.

Tsono tidziyang'ane ife. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu adapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti. Pamenepo panalinso chosaoneka, panalinso chingwe chogwedezeka. Chidasowa ndi kudekha kofunsa kuti, "Kodi sitikulakwitsa?" Lamulo la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silichiza mtima wofuna yankho lero lomwe.

Sindikunena kuti tikane zonse zimene maso saona. Mphepo sitiiona, chikondi sitichiona. Ndikunena kuti pamene chinthu chili chobisika kwambiri, m'pamene wochinena ayenera kusenza umboni wolemera, makamaka ngati mawu ake angaphetse munthu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Katswiri akalakwitsa amabwereranso ku mwala wake mawa. Ife tikalakwitsa, agogo aja sabwerera.