Dzina la Wothyola Tiyi Ndi la Yani?

Kale m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, monga wa Satemwa umene unayamba m'chaka cha 1923, mbiri ya wantchito inali kukhala m'buku la kalaliki: kulemera kwa masamba amene wathyola, malipiro ake, ngongole zake. Bukulo linali kutsekeredwa m'kabati, ndipo wosunga kiyi anali wodziwika. Lero makampani ambiri akusamutsira zolembedwa zotere, pamodzi ndi za kuchipatala, ku makompyuta a eni ena akutali, ofikidwa pa intaneti, amene atchedwa cloud. Kodi tsono udindo usamukira komweko?

Iyayi ndithu. Zolembedwazo ndi chosungitsa chabe. Mwini wake ndiye mayi uja wothyola tiyi m'mame. Munthu akasungitsidwa mbuzi, naigoneka m'khola la mnzake, fisi naigwira, mlandu ukhalabe wake. Chifukwa chake mwini munda ayenera kuyamba wafunsa: makinawo ali m'dziko liti? Ndani aloledwa kuwerenga? Zikaonongeka, kodi zilipo zina zosungidwa padera?

Ngoziyi si nthano. M'chaka cha 2024 mbava za pa intaneti zinalowerera makina a boma osindikizira mapasipoti, ndipo ntchitoyo inaima kwa milungu. Chaka chomwecho lamulo la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito, woliyang'anira ndiye MACRA.

Komatu lamulo lilanga zinthu zitaonongeka kale. Chikumbumtima ndicho chiletsa kalaliki kubwereketsa mawu achinsinsi otsegulira makina. Pakuti matenda a munthu akamveka m'nyumba zonse za antchito, palibe bwalo limene lingambwezere ulemu wake.