Kubisa mphamvu: ndi nzelu kapena ndi cinyengo?

Kodi munthu amene ali ndi mphamvu, koma adzionetsa wofooka kuti mnzake akodwe, wacita nzelu kapena wanama? Funso ili litikhudza ife a ku Malowera pogulitsa cimanga, pokambilana mtengo wa ng'ombe, ngakhale posintha kwacha ndi metical kuno ku malile. Ine ndifuna kuliyesa ndi masewela a makhadi ochedwa poker, cifukwa kumeneko kubisa mphamvu kuli ndi malamulo ake ndi masamu ake.

Mtundu wa poker wofala kwambili ndi Texas hold'em, umene umasewelewa pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas, mpikisano umene unayamba mu 1970. Makhadi onse ndi 52. Aliyense alandila awili obisika, ndipo asanu amaikidwa poyela pa thebulo: poyamba atatu, kenako imodzi, pomaliza imodzi. Pakati pake anthu amabecha. Akati "no-limit" ndiye kuti palibe malile: munthu angaponye zonse zimene ali nazo pa thebulo nthawi imodzi.

Tsono wina akapeza makhadi amphamvu, njila zili ziwili. Angabeche zambili pomwepo, kapena angakhale cete, n'kumangotsatila pang'onopang'ono ngati wamantha, kuti anzake alimbe mtima ndi kuonjeza ndalama. Njila yaciwili ndiyo amaicha "slow play". Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wosewela motele adalila mwambi umenewu.

Koma kudekha kuli ndi mtengo wake. Tinene kuti makhadi atatu ali kale pa thebulo, pakati pali 100 meticais, inu muli patsogolo, ndipo mnzanu asowa khadi imodzi ya mtima kuti akwanitse isanu ya mtundu umodzi. Mwa makhadi 47 amene iye sanawaone, 9 okha ndiwo angamupulumutse. Ndiye kuti khadi yotsatila imuthandiza pafupifupi kamodzi pa kasanu. Mukabecha 50, iye alipila 50 pofuna 150, ndipo kuti asaluze afunika kupambana kamodzi pa kanayi. Mwamugulitsa mwayi wake modula. Koma mukakhala cete, mwamupatsa khadi yaulele, ndipo tsiku lina msampha wanu udzakola mwini wake. N'cifukwa cake odziwa masewelawa amabecha kawilikawili akakhala ndi mphamvu, n'kubisa pokhapo pamene mnzawo alibe pothawila. Apa mwambi wina ndiwo ulamula: papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Masamu atiuza nthawi imene kubisa kupindula. Satiuza ngati n'koyenela. Pa wailesi timamva madandaulo a anthu amene aona kuti anapusitsidwa pa malonda, ndipo ine ndaona kuti nkhani zawo sizifanana zonse. Mafunso awili amazisiyanitsa.

Loyamba: kodi onse awili akudziwa kuti pano tibisilana? Pa thebulo la poker aliyense anakhala pansi akudziwa kuti nkhope ya mnzake si umboni. Katswili wa masamu John von Neumann, m'buku limene analemba ndi Oskar Morgenstern mu 1944, anaonetsa kuti wosewela bwino afunika nthawi zina kubecha ngakhale makhadi ali ofooka, kuti anzake asamuwelenge. Kubisa ndi mbali ya masewelawo. Cimodzimodzi pa msika. Wogula ng'ombe akanena kuti mtengo wakwela pamene m'thumba muli zokwanila, ndipo mwini ng'ombe akacita ngati safulumila pamene ndalama za sukulu zimudikila, onse awili adziwa gule amene akuvina. Palibe wabela mnzake.

Laciwili: kodi cimene cabisika ndi canu, kapena ndi coonadi cimene mnzanu ali ndi ufulu wocidziwa? Makhadi awili a m'manja ndi anu. Ndalama za m'thumba ndi zanu. Koma sikelo si yanu nokha, ndi ya nonse awili. Woonongelatu sikelo, wogulitsa ng'ombe yodwala n'kunena kuti ndi yamoyo bwino, wosintha ndalama amene auza agogo osadziwa kuwelenga mtengo wabodza wa kwacha, amenewa sali ngati wobisa makhadi ake. Ali ngati woika cizindikilo kumsana kwa makhadi, ndipo ngakhale pa njuga munthu wotele amamucha wakuba.

Wina adzati: "Nanga agogowo sanabwele okha ku msika? Wosadziwa mtengo adziimbe mlandu yekha." Ine ndikana. Wa poker angaimilile n'kupita kwawo, palibe cimukakamiza. Koma mayi amene wasenza thumba la cimanga kucokela kutali, mwana ali kudwala kunyumba, wogula ali mmodzi yekha tsikulo, sanabwele kudzasewela. Kumuchela msampha ndi kudyela pa tsoka lake. Ndiponso kuno si ku Las Vegas, kumene anthu amasiyana osadzaonananso. Amene mwamukola lelo ndiye adzakumba manda a m'bale wanu mawa, kaya akhala tsidya lino kapena tsidya la Zambia.

Patsala nkhani ya kukula kwa becha. Liwu lakuti "palibe malile" limakoma m'khutu, koma osewela amene amakhalitsa amadziikila okha malile: sabwela pa thebulo ndi cuma cawo conse, podziwa kuti ngakhale makhadi abwino amaluza. Awili a "A", amene ndi amphamvu koposa poyambila, amagonja pafupifupi kamodzi pa kasanu akakumana ndi awili ena ofanana. Ngati zili telo kwa wamphamvu, nanga bambo amene aponya ndalama za feteleza pa njuga ya kuseli kwa msika, kapena pa becha ya mpila pa foni? Iye amati wabecha zake, koma wabecha nsima ya ana amene sanafunsidwe. Cinyengo cacikulu sicili pa thebulo, cili kunyumba, pamene mayi afunsa za ndalama n'kuyankhidwa kuti wogula sanalipile.

Conco yankho langa ndi ili. Kusaulula mphamvu zako si bodza, malinga mnzako adziwa kuti mukupimana nzelu, ali ndi ufulu wokana, ndipo sikelo ili yoona. Cimodzi mwa zitatuzi cikasowa, nzelu yasanduka umbava. Ndipo musanaponye ciliconse, kaya pa makhadi kapena pa malonda, welengani anthu amene adzagona ndi njala cikapita.