Tisanatumize uthenga



Msodzi saponya mbedza yopanda kanthu m'madzi. Amaikako nyongolotsi, ndipo nsomba imaona chakudya chokhacho, mbedza siiona. Olemba nkhani pa intaneti nawonso ali ndi nyambo yawo, imene pa Chingelezi amati clickbait. Ndi mutu wa nkhani wolembedwa mwadala kuti munthu alephere kuugwira mtima, adinepo basi. Mwina munaonapo mitu ngati uwu: "Simukhulupirira zimene mayi uyu anapeza m'nkhokwe mwake!" Chimene anapezacho sakuuzani. Mwini tsambalo amadya ndalama za otsatsa malonda pa munthu aliyense amene watsegula, kaya nkhaniyo ndi yoona kapena ndi yopeka.

Mu 1994, George Loewenstein wa ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America anafotokoza kuti chidwi chimabwera munthu akazindikira kuti pali kanthu kamene sakukadziwa, ndipo chimamuvutitsa ngati njala. Nyambo imakola pamenepo. Chidwi si choipa ayi, ndi mphatso ya Mulungu imene imatitsogolera ku nzeru. Koma anthu ena anaphunzira kuchisandutsa malonda.

Akatswiri a makompyuta ayesetsa kulimbana nazo. Mu 2016, ofufuza a ku IIT Kharagpur ku India anasonkhanitsa mitu ya nkhani 15,000, theka la nyambo ndi theka labwinobwino, n'kuphunzitsa kompyuta kuisiyanitsa. Inkalondola pafupifupi mitu 93 pa 100 iliyonse. Chaka chomwecho Facebook inalengeza kuti iyamba kukankhira pansi mitu imene imabisa mfundo yeniyeni kapena kukokomeza nkhani. Ntchito imeneyi ndi yoyamikika. Koma kompyutayo imayang'ana kavalidwe ka mawu basi. Nkhani yoona ikhoza kubwera ndi mutu wa nyambo, ndipo bodza likhoza kubwera litavala jekete, likulankhula mofatsa ngati nkhani za pa wailesi. Komanso makinawa anaphunzitsidwa kwambiri ndi Chingelezi. Uthenga wa mawu wa m'Chichewa umene azakhali atumiza pa gulu la banja pa WhatsApp, palibe makina akuumvetsera, chifukwa mauthenga a pa WhatsApp amakhala otsekedwa kwa aliyense kupatula wotumiza ndi wolandira.

Nanga amafalitsa bodza ndani? Soroush Vosoughi, Deb Roy ndi Sinan Aral a ku MIT anafufuza nkhani pafupifupi 126,000 zimene anthu okwana 3 miliyoni anafalitsa pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Science mu 2018. Mwayi woti nkhani yabodza itumizidwenso unali woposa wa nkhani yoona ndi 70 peresenti. Kuti ifike kwa anthu 1,500, nkhani yoona inkatenga nthawi yotalika kuwirikiza ka 6. Ambiri ankaganiza kuti olakwa ndi maakaunti oyendetsedwa ndi kompyuta, koma ofufuzawo anapeza kuti maakaunti amenewa ankafalitsa zoona ndi zabodza mofanana. Amene ankalithamangitsa bodza ndi anthu, chifukwa bodza limabwera lachilendo, lodabwitsa, ndipo aliyense amafuna kukhala woyamba kuuza anzake.

Apa tisafulumire kuloza chala anthu oipa mtima. Gordon Pennycook, David Rand ndi anzawo anasonyeza mu 2021, m'magazini ya Nature, kuti ambiri mwa anthu amene amatumiza zabodza safuna kunama. Akafunsidwa amanena kuti kutumiza zoona zokhazokha n'kofunika kwambiri. Vuto ndi lakuti pa nthawi yotumizayo maganizo awo amakhala kwina, pa kuseketsa anzawo, pa mkwiyo kapena pa mantha. Ofufuzawa analembera anthu oposa 5,000 pa Twitter, n'kuwapempha kuti anene ngati mutu umodzi wa nkhani unali woona. Funso limodzi lokhalo linachititsa kuti pambuyo pake anthuwo azitumiza nkhani zochokera ku magwero odalirika kuposa kale. Kusinthako kunali kochepa, koma kunaoneka.

Bahá'u'lláh, amene anachoka m'dziko lino mu 1892, anakhudza nkhani imeneyi mu Tarázát. Anayerekezera nyuzipepala ndi kalilole woonetsa zochita za mitundu ya anthu, ndipo analangiza olemba kuti adziyeretse ku zilakolako, avale chilungamo, afufuze bwinobwino chimene chachitika, kenaka n'kulemba. Sanalankhule ngati munthu woonerera patali. M'kalata yomweyo ananena kuti zambiri zimene nyuzipepala zinkalemba za Iye sizinali zoona. Masiku amenewo olemba nyuzipepala anali anthu owerengeka. Lero aliyense wa ife amene ali ndi foni m'thumba ndi wolemba, mkonzi ndi wogulitsa nyuzipepala nthawi imodzi, choncho langizo lija latipeza tonse.

Ife amene timaphunzira kuti munthu aliyense azifufuza yekha choonadi, ndiponso kuti miseche ndi yoletsedwa, kawirikawiri timasamala pakamwa koma chala timachisiya chomasuka. Timati, "Si ine ndalemba, ndangotumiza mmene ndalandirira." Koma amene walandira uthengawo amaukhulupirira chifukwa wachokera kwa inu, munthu amene amakudziwani kuti simunama. Ndipo ngati uthengawo ukutchula munthu kuti ndi wakuba kapena mfiti, munthuyo ali ndi ana amene mawa apita kusukulu.

Tisanapitirire ndi phunziro lathu, aliyense amene ali ndi foni ayang'ane uthenga womaliza umene anatumiza kwa ena atangoulandira. Simukukakamizidwa kuuwerenga pagulu. Awiriawiri, kambiranani kumene unayambira, chimene munamva mumtima mutauwerenga, ndi amene mukanamufunsa kuti mutsimikize. Amene alibe foni aganizire nkhani yomaliza imene anamva pamsika kapena pamjigo n'kukaifotokoza kunyumba.