Kodi Walakwa Munthu Wosagunda Mnzace?

Pa mabwalo a mirandu a kwathu, mlandu uyamba pamene cinthu caonongeka. Mbuzi ikadya cimanga ca mwini, akuru apita kukaona mapesi, ndipo mwini mbuzi alipa monga mwa kuonongako. Koma ikangopita m'mbali mwa munda osadya kanthu, palibe wopita kwa mfumu. Ambiri a ife tiweruza za pamseu ndi maganizo omwewo. Woyendetsa galimoto akapitirira wokwera njinga pafupi kwambiri, koma osamkhudza, timati, Palibe mlandu, pakuti sipanagwe mwazi. Tifuna kufunsa tsono ngati kuweruza kumeneku kuli koona.

Tiyambe talingalira za njinga. Galimoto ikhazikika yokha pa matayala ace anai, koma njinga iimirira cifukwa mwini wace aiwongola kosaleka, napendekera pang'ono uku ndi uku. Sangathe kuyenda molunjika ngati cingwe ca mmisiri. Pakhala dzenje, pakhala mcenga, pakhala pamene phula lidadyeka m'mphepete, ndipo ayenera kupatuka msanga. Wakabaza wanyamula munthu amene angagwedezeke nthawi iri yonse, ndi wamakala wolowa m'Lilongwe kapena m'Blantyre mbandakuca wamanga matumba oposa m'lifupi mwa njinga yace. Ndiponso lori ikamapita mothamanga, mphepo yace iyamba yamkankha munthu, kenaka imkokera ku matayala a pambuyo. Mpata umene aufuna wokwera njinga ndiwo malo akuti akapendekera, kapena akagwa, agwe pa nthaka yopanda galimoto.

Taonaninso kusiyana kwa mphamvu zao. Galimoto yaing'ono ilemera makilogalamu oposa 1,000, pamene njinga wamba sifika 30. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ora itha mamita 14 pa sekondi imodzi, ndipo liwiro likakula kawiri, mphamvu ya kugunda kwace ikula kanai. Woyendetsa akalakwitsa kuyesa kwace ndi cikhato cimodzi cokha, iye abwera kwao ndi galimoto yokandika, koma mnzaceyo abwera kwao pa macira.

Pamenepa fanizo la mbuzi litisokeretsa, ndipo tifune lina. Mnyamata akaponya mubvi pakati pa ana akusewera pabwalo, mubviwo nukagwa pansi osalasa mwana, kodi akuru adzati, Mlekeni, sanalase munthu? Iai, adzamlanda uta tsiku lomwelo. Kulakwa kwace kunatha pamene anaponya; kusalasako ndi mwai, ndipo mwai suyeretsa munthu. Momwemonso woyendetsa wopita pafupi waika moyo wa mnzace pa mwai wosaupempha mwini wace, kuti iye afike msanga. Ndipo pali kuonongeka kwina kosaoneka ndi maso, ndiko mantha. Nkhalamba, amai ndi ana a sukulu akaopsedwa kawiri katatu aleka njinga zao, ndipo mseu umene unamangidwa ndi msonkho wa onse usanduka wa amphamvu okha.

Cifukwa cace maiko ena anauika mpata umenewu m'malamulo. Ku America, cigawo ca Wisconsin cinayamba m'caka ca 1973, polamula kuti woyendetsa asiye mapazi 3. Ku South Africa, cigawo ca Western Cape cinalamula mita imodzi m'caka ca 2013. Ku Britain, m'caka ca 2022, analemba m'buku lao la malangizo a pamseu kuti woyendetsa asiye mamita 1.5, ndiwo muyeso wocepera pang'ono mkwamba, ndi kuti auonjeze akamathamanga koposa mamailo 30 pa ora. Anakhazikitsanso mfundo yakuti iye amene angapweteke anzace koposa, ndiye asenze udindo woposa. Mfundo imeneyi si yacilendo kwa ife, pakuti wonyamula nkhwangwa pakati pa anthu ndiye ayang'anira kumene kwaloza mpeni wace.

Koma lamulo lopanda woliyang'anira lifanana ndi munda wopanda mlonda, umene anyani auzolowera msanga. Bvuto lace ndi lakuti kupita pafupi sikusiya cizindikiro. Galimoto yapita, ndipo woopsedwayo watsala ndi mtima wogunda wopanda mboni. Apolisi a ku West Midlands, dera la mzinda wa Birmingham ku Britain komweko, anapeza njira m'caka ca 2016. Mmodzi wa iwo anabvala zobvala wamba, nakwera njinga m'mseu wa magalimoto ambiri. Woyendetsa akampitirira pafupi, iye anauza anzace oima patsogolo, ndipo iwo anaimitsa galimotoyo. Pamenepo anayala pansi mphasa yolembedwa miyeso, namuonetsa woyendetsayo ndi maso ace utali wa mamita 1.5, wokana kuphunzira, kapena wolakwa koopsa, anamtengera ku mirandu. Apolisi a madera ena a dzikolo anatsanza njira imeneyi pambuyo pace.

Muli nzeru ziwiri m'macitidwe amenewa. Yoyamba, anagwira colakwa munthu asanafe, osadikira maliro kuti pakhale mlandu. Yaciwiri, anazindikira kuti oyendetsa ambiri sali ambanda, koma kuti wokhala m'kati mwa citsulo ndi magalasi samva mphepo imene aimva wa kunja. Cotero anayamba ndi kuphunzitsa, nasungira cilango ouma mitu. Anacititsanso woyendetsa ali yense kuganiza kuti wanjinga amene ali patsogolo pace kapena ndi wapolisi, ndipo ulemu umene akadapatsa wapolisiyo unagwera onse.

Wina adzati, Miseu yathu iri yopapatiza, mpata wotere tiupeza kuti? Tiyankha kuti pamene palibe mpata, nthawi ya kupitirira siinafike. Woyendetsa acepetse liwiro, atsate pambuyo, ndipo kutsogolo kukayera apite. Ataya masekondi owerengeka. Kuliza hutala sikukuza mseu, kungomuuza wofooka kuti adziponye m'ngalande. Winanso adzati, Nao okwera njinga alakwa. Ayenda usiku opanda nyali, nakhota osakweza dzanja. Izi nzoona, ndipo ayenera kudzudzulidwa ndi kulangidwa monga mwa kulakwa kwao. Koma kulakwa kwa wanjinga sikupatsa woyendetsa ufulu wa kumupha, ndipo popeza tidziwa kuti anthu alakwa, mpatawo ufunika koposa. Pali coopsa cina, cakuti lamulo lingasanduke khomo la ziphuphu, woyendetsa nagula kulakwa kwace ndi ndalama za m'manja. Likatero liipa koposa kusakhalapo kwace, pakuti liphunzitsa anthu kuti moyo wa wosauka uli ndi mtengo wocepa.

Owerenga athu ambiri alibe galimoto, koma nkhaniyi iri yao ndithu. Ana athu ndiwo ayendetsa maminibasi ndi malori m'mizinda, ndipo ana athu omwe ndiwo apalasa kabaza m'mbali mwa mseu womwewo. Ifenso tikakwera minibasi timang'ung'udza ikacedwa pambuyo pa njinga, koma tikhala cete ikampitirira munthu mwa mwai. Akuru anati, caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Tiyeni tsono tiwafunse ana athu oyendetsa za mpata umene asiyira wanjinga, monga tiwafunsa za malipiro ao. Ndipo tikakhala m'galimoto yopita pafupi ndi munthu, tinene pomwepo kuti woyendetsa walakwa, ngakhale sanamgunde.