Kodi Cikho Ndi ca Yani?

Acinyamata ambiri amene amaonerera mpikisano wa mamotoka wa Formula One pa TV angathe kuchula maina a oyendetsa ochuka monga Lewis Hamilton ndi Max Verstappen. Koma afunseni dzina la munthu mmodzi cabe amene amamanga mawilo a mamotoka amenewo, mudzaona akungokanda m'mutu. Mpikisano ukatha, woyendetsa ndiye amanyamula cikho, ndipo zithunzi zake zimafalikira pa dziko lonse. Kodi zimenezi n'zacilungamo? Kodi ulemu wa cipambano uyenera kupita kwa yani?

Tiyeni tiyambe taona zimene zimacitika motoka ikapatuka mkati mwa mpikisano kuti isinthe matayala. Anthu pafupifupi 20 amakhala ataima kale, aliyense pamalo pake. Wilo lililonse lili ndi anthu atatu: wina amamasula ndi kumanga nati ndi cida coyendera mpweya, wina amacotsa wilo lakale, ndipo wacitatu amaika latsopano. Mmodzi amakweza motoka ndi jeke kutsogolo, wina kumbuyo, ndipo ena aŵiri amaigwira m'mbali kuti isagwedere. Nchito yonseyi imatha m'masekondi aŵiri kapena atatu. Mu 2023, ku Qatar, gulu la McLaren linasintha mawilo onse anai a motoka ya Lando Norris m'masekondi 1.80. Ambiri mwa anthu ameneŵa ndi amakanika omwe aja amene amamanga motokayo ndi kuikonza. Luso losintha mawilo amalipeza mwa kubwereza kambirimbiri pa nthaŵi imene palibe wowaombera m'manja.

Nanga ndi liti pamene dziko limawakumbukira? Kaŵirikaŵiri ndi pa tsiku limene alakwa. Mu Marichi 2018, pa mpikisano wa ku Melbourne m'dziko la Australia, gulu laling'ono la Haas linali kucita bwino koposa. Oyendetsa ake, Kevin Magnussen ndi Romain Grosjean, anali pa nambala 4 ndi 5. Magnussen atapatuka kukasintha matayala, nati ya wilo limodzi inaloŵa mopendekeka, wilo silinamangike, ndipo anaimitsa motoka m'mbali mwa mseu. Patapita kanthaŵi kocepa, zomwezo zinacitikanso kwa Grosjean. Mapointi 22 amene akanapeza pa malo amenewo anatayika cifukwa ca manati aŵiri. Tsiku limenelo makamera onse anatembenukira kwa amakanika.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Gulu likapambana timati, "Wapambana ndi woyendetsa." Likalephera cifukwa ca nati timati, "Walakwa ndi makanika." Sikelo yotere ndi yacinyengo. Ngati dzanja la makanika lingathe kugwetsa gulu lonse, ndiye kuti dzanja lomwelo ndi limene linali kulicirikiza masiku onse amene nati inamangika bwino. Sitingapatse munthu mlandu wonse wa kulephera, kenaka n'kumumana gawo lake m'cipambano. Kufunika kwa nchito sikupimidwa ndi kuculuka kwa maso amene akuiona, koma ndi kuculuka kwa anthu amene akuidalira.

Mwina wina angatsutse kuti, "Koma woyendetsa ndiye amaika moyo wake paciswe. Amathamanga pa liŵiro loposa makilomita 300 pa ola, ndipo anthu a luso lotere ndi oŵerengeka." Zimenezo n'zoona. Nchito zao sizofanana, ndipo palibe amene akunena kuti malipiro ao akhale ofanana. Komabe ulemu si malipiro. Ulemu ndiwo kuzindikira kuti popanda mnzanguyu, ine sindikanafika pamene ndafika. Ndiponso ngozi siili kwa woyendetsa yekha. Milungu iŵiri cabe pambuyo pa mpikisano wa ku Melbourne, ku Bahrain, motoka ya Ferrari ya Kimi Räikkönen inapatsidwa cizindikiro conyamuka wilo limodzi lakumbuyo lisanasinthidwe. Inagunda makanika amene anaima patsogolo pa wilolo ndi kumuthyola mwendo. Munthu amene amagwada pafupi ndi motoka yotere amadalira anzake monga momwe woyendetsa amadalirira iye.

Eni ake a maseŵeraŵa amacidziŵa cimeneci. Kuyambira mu 1958, caka ciliconse pamakhala zikho ziŵiri, ca woyendetsa ndi ca gulu lopanga motoka. Pa mapeto a mpikisano uliwonse, munthu mmodzi woimira gulu lopambana amakwera pa nsanja pamodzi ndi oyendetsa kukalandira cikho ca anzake onse, kuphatikizapo mazana ambiri otsala ku fakitale. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Iwo anaona kale zimene mainjiniya a masiku ano amatsimikizira ndi wochi m'manja.

Koma kugaŵana cikho n'kosavuta, pakuti aliyense amakhala wokondwa. Umodzi weniweni umaoneka pa tsiku la cisoni. Ku Melbourne kuja, Grosjean atabwerera kwa anzake, anaonedwa akutonthoza amakanika amene anali ataŵerama ndi manyazi. Iye anali ndi cifukwa cokwiyira, koma anasankha kusenza nao katunduyo. Pa mpikisano wotsatira, gulu lomwelo linathandiza Magnussen kutsiriza pa nambala 5.

Kutonthoza wolakwa sikutanthauza kubisa colakwa. Gulu labwino limakhala pansi ndi kufufuza cimene cinalakwika, kaya ndi cida, kaya ndi kupereŵera kwa kukonzekera, ndipo limacikonza. Koma limacita zimenezi popanda kunyoza munthu. Pali cifukwa cake. Makanika amene akuopa kucititsidwa manyazi angayesedwe kukhala cete pamene akukayika ngati wilo lamangika, ndipo wilo loguluka pa liŵiro lalikulu lingathe kupha munthu. Kumene kuli mantha anthu amabisa zolakwa, ndipo colakwa cobisika ndico coopsa koposa.

Nanga ife bwanji? M'magulu athu a acinyamata mulinso oyendetsa ndi omanga mawilo. Pali wotsogolera nyimbo ndi wosesa m'cipinda cophunzirira kwaya. Pali womwetsa cigoli ndi wocapa yunifomu. Pali wolankhula pa msonkhano ndi wotunga madzi ophikira nsima. Ngati ndinu woonekera, phunzirani maina a amene amakunyamulani, muwathokoze pa maso pa anthu, ndipo akalakwa mukhale woyamba kuima pambali pao. Ngati ndinu wosaonekera, musaipepuse nchito yanu poganiza kuti palibe akuona. Nati imodzi yomangidwa mwaulesi imaimitsa motoka yonse.

Cotero cikho si ca manja okha amene acikweza m'mwamba. Nthaŵi ina gulu lanu likadzayamikiridwa, ceukani muone amene waima kumbuyo ndi manja akuda ndi girisi, ndipo mumuitane abwere kutsogolo.